Tsiku Limene Kalendala ndi Foni Zinatsutsana

Ana inu, akuluakulu ena adzakuuzani kuti mawu amene ndikufuna kukufotokozerani ndi akale kuposa foni. Musakangane nawo. Koma kuseri kwa phiri la Msendeza, anthu amati mawuwa anabadwira paphiri pawo, tsiku lina la mvula, ndipo nkhani yake imayenda motere.

Patsinde pa phirilo pankakhala mayi wina dzina lake Edina. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi wa zaka zinayi, Tilinawo, ndipo mwanayo ankadwala khunyu. Matendawo anayamba atangosiya kuyamwa. Tsiku lina anagwa pafupi ndi mafuwa, dzanja lake n'kupsa. Atapita naye kuchipatala chachikulu, anamwino anamuuza Edina chinthu chimodzi chokha: piritsi m'mawa, piritsi madzulo, osadumphitsa. Akadumphitsa, matendawo amabwerera ndi ukali.

Tsono chipatalacho chinali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Chimene chinkawapulumutsa chinali galimoto yoyera imene inkabwera kamodzi pamwezi, itanyamula anamwino ndi bokosi la mankhwala. Galimotoyo inalibe malo amodzi oimapo. Mwezi wina inkaima pasukulu, kum'mawa kwa phiri. Mwezi wina inkaima patchalitchi, kumadzulo kwake. Zinkatengera mmene misewu ilili, ndipo anamwino ndiwo ankanena malowo, nthawi zina a miyezi iwiri pakamodzi. M'buku la kuchipatala ankalembamo tsiku lokha. Komanso galimotoyo sinkakhalitsa. Ikagawira anthu ake ochepa aja, inkaliza injini n'kumapita kwina. Woiphonya ankadikira mwezi wathunthu.

Edina sukulu anailekeza ali sitandade fili, koma manambala ankawadziwa ndipo mutu wake unali wakuthwa. Anapempha kalendala kugolosale n'kuikhomera kuseri kwa chitseko, kumene alendo sayang'ana. Anthu a kumeneko ankati khunyu n'lopatsirana, choncho matenda a mwanayo anali chinsinsi cha m'nyumba. Tilinawo akangomeza piritsi, Edina ankajambula kamzere pa tsikulo ndi pensulo. Tsiku la galimoto ankalizunguliza, ndipo pambali pake ankajambula chizindikiro cha malo: kambendera ngati ndi kusukulu, kamtanda ngati ndi kutchalitchi. Chaka chathunthu chinatha mwanayo osagwako.

Mwamuna wake, Lufeyo, ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya kutali. Pa Khirisimasi anabwera ndi shuga, nsapato za mwana, ndi kafoni kamabatani.

"Zakhomazi n'zachikale, make Tili," anatero Lufeyo atasuzumira kuseri kwa chitseko. "Khoma liitana munthu? Mukaiwala kuliyang'ana lingokhala duu. Koma aka kamalira."

"Kamalira chiyani, njala?"

"Muone kaye."

Anakadinadina, ndipo madzulo ake, nthawi ya piritsi itakwana, kafoni kaja kanayamba kulira pawindo. Tilinawo anaseka mpaka kugubuduka pamphasa. Lufeyo analembamonso masiku a galimoto, kuti tsikulo likafika foni izilira ola lililonse n'kumaonetsa malo. Edina sankatha kuwerenga bwinobwino, koma mawu awiriwo ankawasiyanitsa: lalifupi linali la sukulu, lalitali lodzaza galasi lonse linali la tchalitchi.

"Ndiye mwandibweretsera apongozi a m'thumba," anatero Edina, "ondikumbutsa chilichonse ngati ndine mtengwa wa dzulo."

"Apongozi amenewa sadya, ingowatchajani."

Kalendala sanaichotse. Anaona kuti ziwiri n'zabwino kuposa chimodzi: china chikagona, chinzake chidzakhala maso. Koma zinthu zinayamba kusintha pang'onopang'ono iye osazindikira. Foni ikalira, ankam'patsa mwana piritsi n'kunena kuti kamzere ajambula akamaliza kutsuka mbale. Masiku ena ankajambula, masiku ena ayi. Ndipo mutu wake, umene kale unkasunga masiku ndi malo ngati mbewu m'chigulu, unasiya kusunga. Unkati zili pakhoma. Unkati zili m'foni.

Mu Januwale, galimoto itabwera, anamwino anaimirira pakhomo lake n'kukweza mawu. "Mumve bwino nonse. Mwezi wamawa tasintha. Musapite kumene tinanena kuja." Anatchula malo atsopanowo kawiri. Edina anamva, ndipo njira yonse ankabwereza mumtima.

Atafika kunyumba anapeza Lufeyo akulongedza chikwama, poti m'mawa mwake ankabwerera kuntchito. Foni inali m'manja mwake. Edina anamufotokozera za kusinthako kwinaku akufunafuna pensulo padenga. Nthawi yomweyo mbuzi ya aneba inalowa kukhitchini n'kugubuduza dengu la ufa. Onse awiri anathamangira panja akukuwa. Pomaliza kuwola ufawo ndi kukangana ndi mwini mbuzi, nkhani ya galimoto inali itapita ndi mphepo.

Febuluwale anabwera ndi mvula yosalekeza. Chinyontho chinalowa m'kapepala ka mankhwala, mapiritsi awiri n'kusungunuka. Motero piritsi lomaliza Tilinawo anameza m'mawa, kutatsala tsiku limodzi kuti galimoto ibwere. Madzulo ake foni inalira, koma panalibe chomupatsa. Edina anadzilimbitsa mtima kuti mawa si kutali.

Kutacha anaphika phala, n'kumusambitsa mwana. Akumanga buku la kuchipatala m'kapepala ka pulasitiki, foni inalira. Anaiyang'ana. Mawu aatali, odzaza galasi lonse. Tchalitchi.

Anatseka chitseko kuti atenge ambulera imene inkapachikidwa pamsomali, maso ake n'kugwera pa kalendala. Tsiku linali lomwelo, lozungulizidwa bwinobwino. Koma pambali pake panali kambendera.

Anayang'ana foni, anayang'ana khoma. Anakumbuka mawu a anamwino akuti tasintha. Anakumbuka mbuzi ndi ufa. Koma malo amene ananenedwa kawiri aja anawafunafuna m'mutu monse osawapeza. Chimodzi mwa ziwirizi chinakonzedwa tsiku lija, chinacho chinatsala ndi zakale. Nanga chokonzedwa n'chiti? Anayandikira kalendala kuti aone ngati pali pofufutidwa. Panali pothimbirira, inde, koma denga linkadontha pamenepo ndipo tsamba lonse linali lothimbirira.

Anaimbira Lufeyo. Foni inaitana nthawi yaitali.

"Bambo a Tili, tsiku lija la mbuzi, munasintha malo m'fonimu?"

"Malo ati? Kwezani mawu, kuno kuli thalakitala!"

"A galimoto ya mankhwala! Foni ikuti kutchalitchi, khoma likuti kusukulu."

"Aa. Ndinkasintha, ndikukumbuka ndinayamba kudina. Koma ngati ndinamaliza... Kodi inu simunali ndi pensulo m'manja?"

"Pensulo ndinkaifuna. Ngati ndinaipeza, sindikudziwa. Ndimayesa inu mwalemba."

"Inenso ndimayesa inu mwajambula. Koma make Tili, foni sinama. Chimene chili m'menemo ndiye..."

Mawu anaduka. Mayunitsi anali atatha.

Kufunsa aneba sakanatha, chifukwa akanafunsidwa kuti galimoto ya odwala khunyu akuifunira chiyani. Anabereka Tilinawo, namanga chitenje zolimba, natuluka.

Kunja kwa mudzi kunali mphambano. Njira ya kumanja inkapita kusukulu, ulendo wa ola limodzi. Ya kumanzere inkapita kutchalitchi, ulendo wofanana. Edina anaima pamenepo mpaka mwana anafunsa kuti, "Amama, tasochera?" Pamapeto pake anati mumtima, dzanja langa ndimalidziwa, ndipo anakhotera kumanja.

Anafika pasukulu dzuwa likuyamba kutentha pakati pa mitambo. Ana anali m'makalasi, akuyankha aphunzitsi mokuwa. Pabwalo panalibe galimoto. Anayang'ana m'matope a pamsewu, osaona mapazi a matayala. Pansi pa mtengo wa mkuyu panakhala mayi wogulitsa zitumbuwa, akuingitsa ntchentche.

"Pepani mayi, mwamvako zoti kubwera galimoto ya chipatala lero?"

"Ine ndabwera kudzagulitsa, achemwali, sindine mlonda wa pano. Mugula zingati?"

Edina anakhala pamuzu wa mtengowo. Anthu amene ankawaona mwezi ndi mwezi pamzere wa mankhwala, bambo wa chipewa chofiira uja, mtsikana wobwera ndi agogo ake uja, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mwina kunali kudakali m'mawa. Mwina onsewo anali atakhala kale pamabenchi kutchalitchi. Tilinawo anatsamira pachifuwa pake, ali zii, maso ali pamodzimodzi. Edina ankawadziwa maso amenewo ndipo sanawakonde.

Foni inalira m'chitenje. Mawu aatali aja. Anaithimitsa.

Anadikira. Anawerenga nkhuku zimene zinkatola nyenyeswa. Anatchera khutu kumsewu: kunali njiwa zokha. Kumwera mitambo inayamba kuunjikana, yakuda ngati kunsi kwa mphika. Anayamba kuganiza za Lufeyo atagwira foni tsiku lija, chala chili pabatani. Iye uja amatha kulemba. Iye uja sanali kufunafuna pensulo, chida chake chinali kale m'manja. Nanga munthu woyamba kudina angaleke osamaliza?

Foni inaliranso.

Apa mtima unamukanika. Anadzambatuka, nabereka mwana. Kubwerera kumphambano kukanamutayitsa maola awiri, choncho anatenga kanjira kodutsa paphewa la phiri, kamene kankatsikira kutchalitchi. Kanali kamiyala, kokwera, koterera.

Chapakati pa phirilo panali phanga, ndipo pakhomo pake panakhala bambo wina woswa miyala yogulitsa kwa omanga nyumba. Dzina lake anali Gelesomu. Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, fumbi la miyala lili mbuu m'ndevu.

"Mayi, mukuthamangira kuti ndi mwana? Simukuiona iyo?" anatero akuloza mitambo ndi nyundo. "Khalani pano ipite kaye."

"Zikomo bambo, ndachedwa."

Sanacheuke. Anatsika phirilo mpaka anaona malata a tchalitchi. Pabwalo panali mbuzi zokha. M'kati munali amayi awiri akuzira pansi.

"Odi! Galimoto ya chipatala yapita kale?"

Wamkulu mwa awiriwo anadzutsa mutu, manja ali matope okhaokha. "Galimoto? Idzera kumwamba? Mlatho wa kuno unayamba kugumuka chaka chisanathe, pano ngakhale ngolo siwoloka. Kodi si paja anati azikaima kusukulu?"

Edina sanatsanzike n'komwe. Anatembenuka n'kuyamba kukweranso phiri lija. Tsono mwana anali atalemera ngati thumba la mchenga. Patapata mmodzi anaduka, anamusiya pomwepo. Mphepo yozizira inawomba, mabingu anagunda, madontho akuluakulu anayamba kugwa. Anatambasula ambulera, mphepo n'kuitembenuza, n'kuithyola nthiti. Anaitaya.

Atafika pamwamba, pamene munthu amaona mbali zonse ziwiri, anayang'ana kum'mawa. Kutali pansi, pafupi ndi mkuyu uja, panaima kanthu koyera, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Anthu ochepa anali kubalalika kuthawa mvula.

"Dikirani!" anakuwa Edina. "Dikirani, ndili pano!"

Anavula mpango wa kumutu n'kumaugwedeza m'mwamba. Koma ndani akanamumva? Oyendetsa ankadziwa kuti mvula yotere ikadzaza mtsinje sawoloka. Kanthu koyera kaja kanasuntha, kanakhota pangodya ya sukulu, kanalowa m'mitengo, osaonekanso.

Mvula inakhuthuka. Edina anatsika akuterereka, osadziwa chimene akuthamangira. Ndipo ali pathanthwe lotsetsereka, anamva mwana akuuma kumsana kwake. Mutu wa Tilinawo unabwerera m'mbuyo, kenaka miyendo inayamba kumenya nthiti za mayi ake.

"Mayo! Tili! Tili, mwana wanga!"

Anagwada kuti amumasule, koma ponseponse panali miyala yosongoka ndi madzi othamanga. Akamuika pansi, amenyetsa mutu. Akapitiriza kumubereka, onse awiri agubuduka. Chitenje chonyowa chinakana kumasuka. Mwana ankaphiriphitha, thovu likutuluka kukamwa.

Pamenepo manja awiri okhakhala anamugwira mwanayo kumutu ndi m'chiuno. Anali Gelesomu.

"Musamugwire, bambo! Ndi khunyu!" Chinsinsi cha zaka zitatu chinatuluka chokha.

"Ndiye? Khunyu lidumpha ngati utitiri? Mchimwene wanga ndinagona naye mphasa imodzi mpaka kukula. Masulani mfundoyo, msanga!"

Anamunyamula mpaka kuphanga, namugoneka chammbali pathumba louma, jekete lake n'kuliika kunsi kwa mutu. Edina anafuna kumukanula kukamwa ndi chala.

"Ayi, musaikemo kanthu. Musamupanikize. Ingoonani kuti asagunde mwala."

Anagwada onse awiri. Kunja mvula inkasokosa, m'phanga munkamveka kupuma kobanika kwa mwana. Milomo yake inayamba kuda. Edina anafuna kupemphera koma ankangoti, "Pepa, pepa, pepa." Sanadziwe kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Kenaka miyendo inayamba kufooka. Manja anatambasuka. Tilinawo anakoka mpweya wautali, anatsokomola, n'kugona tulo tofa nato.

"Wabwerera," anatero Gelesomu. "Musiyeni agone."

Edina anakhala pansi n'kulira kwa nthawi. Gelesomu sanamuletse. Anakoleza timitengo touma timene ankasunga kuseri kwa mwala, nawasendezera moto. Mayiyo atatonthola, Gelesomu anamufunsa chimene chinamuyendetsa paphiri kawiri tsiku limodzi, ndipo Edina anafotokoza zonse: khoma, foni, mbuzi, mkuyu.

"Ndiye kuti pamkuyupo munafikapo?"

"Ndinakhalapo. Pamuzu pake penipeni."

"Mukanangokhala."

"Ndikanangokhala. Koma aka kankangolira."

Ngati kamva kuti akukanena, kafoni kaja kanaliranso m'chitenje chonyowa. Gelesomu anapukusa mutu.

"Mukuona kumtunda uko? Kuli phanga lina, lalikulu kuposa lino. Chaka chimene ndinayamba ntchito ino ndinkati ndine wochenjera, ndili ndi nyumba ziwiri. Nyundo ndinkasiya kuno, jekete ndi kamba uko. Mvula ikayamba ndinkathamangira kuno, ndili pakati n'kukumbuka kuti jekete lili uko. Ndibwerere. Ndili pakati n'kuganiza kuti koma kuja kumadontha, kuno ndiye kuli nkhuni. Ndibwererenso. Pofika ndinkakhala nditanyowa kuposa munthu wopanda phanga, poti iye uja amangobisala pansi pa mtengo umene wayandikana nawo. Lero ndili ndi limodzi, ndipo malaya angawa anali ouma musananditulutse panja. Mapanga awiri avumbwitsa, mayi."

Mvula itakata, bamboyo anawaperekeza mpaka kumphambano. M'mawa mwake kunkabwera lole yodzatenga miyala, ndipo Gelesomu anapempha dalaivala kuti awatengeko mayi ndi mwana mpaka kuchipatala chachikulu. Ali m'njira, Tilinawo anagwanso kachiwiri, pamiyendo pa mayi ake, nadziluma lilime. Anawagoneka masiku atatu. Mwana amene anatha chaka chathunthu osagwa anabwerera kwawo atafooka, akulankhula movutikira, ndipo panatenga milungu kuti ayambenso kuthamanga ndi anzake.

Asanatuluke m'chipatalamo, Edina anapereka foni kwa anamwino. "Mundifufutire mawu onse ali m'menemu. Musiye kulira kokha."

"Osalemba malo a mwezi wamawa?"

"Ayi. Kakalira, ndizidziwa kuti kakuti pita ukayang'ane kukhoma. Kasamanene zake."

Atafika kunyumba anasuntha kalendala kuichotsa podontha paja, namangirira pensulo pachingwe, chingwecho n'kuchikhomera pamsomali womwewo. Kuyambira pamenepo, akachoka kugalimoto, ankalowa m'nyumba mwana ali kumsana, osayankha moni wa munthu, osamwa madzi, mpaka atajambula chizindikiro chake. Nkhaniyo anaifotokoza yekha kwa amayi anzake pamzere wa mankhwala, iwo anakaifotokoza kwawo, ndipo mawu a woswa miyala uja anayenda mpaka kwa anthu amene phiri la Msendeza sanalionepo.

N'chifukwa chake mpaka lero timati, mapanga awiri avumbwitsa. Mwambiwu sukunena kuti kukhala ndi zinthu ziwiri n'kulakwa. Edina sanataye foni, ndipo kalendala sinali yoposa foni nzeru. Ukunena za mtima wodalira pawiri. Munthu wotero amasamala mbali iliyonse mwatheka, poganiza kuti inayo ikwaniritsa, ndiye tsiku la mavuto likafika amapeza matheka awiri osagwirizana, iye ali pakati. Chinthu chimene simufuna kuchiiwala, kaya ndi tsiku la mayeso, kaya la katemera wa mng'ono wanu, kaya lobzala, chipatseni malo amodzi. Kope limodzi, khoma limodzi, kapena foni imodzi. Zikasintha, kakonzeni pomwepo musanakhale pansi. Ndipo mukasankha phanga lanu, mitambo ikada, khalani momwemo.